Eyakilina Yofiira, Kuchokera ku Dar Mpaka pa Chiweta

Ife a ku Yofu, pachilumba cha Likoma, injini timaidziwa ndi khutu. Boti likamachokera ku Chizumulu kapena kutsidya ku Kobwe, lisanaoneke n'komwe, ana osewera pamchenga amakhala atanena kale kuti iyo ndi injini ya mahosi fifitini ya auje, iyo ndi fote ya auje. Injini ya mahosi ambiri, yamphamvu, imalira mozama, yaing'ono imalira ngati udzudzu. Pamadzi khutu silinama. Ndinakula ndikudziwa zimenezo, ndipo palibe anandiuzapo kuti pamsewu si choncho.

Inali nyengo imene mafoni a m'manja anali atangofika kumene pachilumba pamene atate anagulitsa boti, khoka la chilimira ndi injini yawo ya fote kuti tigule pikapu. Nzeruyi anabwera nayo ndi alamu anga a Gondwe, amuna awo a achemwali anga a Agnesi. Iwowa kwawo ndi ku Rumphi. Anafika pa Likoma ngati dalaivala wa boma, ntchito itatha anakakhazikika ku Nkhata Bay ndi achemwaliwo. Akabwera kudzacheza ankakhala pakhonde n'kumati, "Adada, usipa mumagwira ndinu, koma wolemera ndi uja amaunyamula kupita nawo ku Mzuzu." Atate mawondo anali atayamba kuwavuta, m'boti samakhalitsanso. Anavomera. Galimoto inaitanitsidwa ku Japan, yoti tikaitengere ku doko la Dar es Salaam.

Woperekeza anasankha ine. Sukulu ndinalekera Fomu 1 nditang'amba mlomo wa mnzanga wina, ndiye pakhomo ndinali wopanda chochita chenicheni kupatula kukoka makoka a anthu. Chiwongolero ndinali ndisanachigwirepo. Atate anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Barnaba, chuma chathu chonse chili mu galimoto imeneyo. Ukakhale maso anga. Koma manja ukasunge m'thumba, wamva?"

Sitima tinaidikira kumunsi kwa Chipyela kuyambira m'mawa, n'kufika dzuwa litapendeka. Pokwera kaboti kopita kusitimako madzi anandifika m'chiuno, pasipoti nditaimanga mu jumbo ya shuga n'kuiluma ndi mano. Mayi wina anandigunda ndi thumba la chinangwa, ndinayamba kutukwana, jumbo n'kugwera m'madzi. Anaitola ndi mayi yemweyo. Ndinachita manyazi mpaka ku Nkhata Bay.

Kumeneko alamu anali okonzeka kale, atavala jekete lachikopa ngakhale kunkatentha. Achemwali anatimangira usipa wokazinga ndi mbatata, tinakwera minibasi ya ku Mzuzu, kenako basi ya ku Karonga imene inaima pa depoti injini ikulira, kondakitala akulumbira kuti tikunyamuka pompano, mpaka ogulitsa nthochi anatizolowera nkhope. Mu basi imeneyo ndinakhala mpando umodzi ndi mayi wonenepa wa ku Chintheche, NyaChirwa, amene ankapita ku Dar kukaoda zitenje. Atangomva kalankhulidwe kanga anaseka.

"Wa pachilumba uyu! Mwanawe, usakathawe ukaona njinga yamoto. Siluma."

Ndinafuna kuwayankha zoipa, koma anali atandipatsa kale chigawo cha chimanga chowotcha. Pa boda ya Songwe ndiwo anandigwira dzanja powoloka mlatho, n'kundichotsa pakati pa anyamata osintha ndalama amene anandizinga ngati ntchentche. Ndiwonso anakangana ndi kondakitala wa basi ya ku Mbeya yemwe anafuna kutikwezera mtengo atamva Chichewa. Za ulendo wa Mbeya mpaka Dar ndikumbukira matako kuwawa ndi filimu ya nkhondo imene anaibwereza mpaka ndinaloweza amene afe.

Ku Dar ndinaphunzira mawu amodzi a Chiswahili: kesho, ndiye kuti mawa. Ejenti wotulutsa galimoto padoko ankati kesho. Alamu akabwera madzulo ankati kesho. M'mawa uliwonse ankatuluka okha.

"Iwe khala pompano, mulamu. Tauni ino ndi yaikulu, ungasochere. Ndikakawauza chiyani adada?"

Ndinkatsala pa resiti hausi, kudya chipisi chokazingira mazira mpaka fungo lake linandikola. Tsiku lina NyaChirwa ananditenga kukaona nyanja yawo. Ndinatapa madzi kuti ndimwe monga timachitira kwathu, ndinalavula, iwo anaseka mpaka kukhala pansi. Maso a atate anali kumeneko, akulawa mchere, pamene alamu ankayenda okha.

Sabata itapitirira galimoto inatuluka. Yabuluu, yonyezimira, mkati mukununkhira ngati sopo. Ndinatsekula boneti n'kumayang'ana ngakhale zambiri sindinkazidziwa. Kumbali kunali bokosi lakuda lapulasitiki, paipi yaikulu ikuchoka pamenepo kulowa mu injini. Alamu anati imeneyo ndi eyakilina, sefa imene imagwira fumbi kuti mpweya ulowe woyera. Ataliza injini inkangonong'ona. Kunena zoona ndinakhumudwa pang'ono. Fote ya atate inkamveka kuposa pamenepo.

Mawa lake anaitenga okha, ati kukasintha oyilo. Pobwera masana ndinaimva isanakhote pakona. Vuuu! Vuuu! Anthu pa resiti hausi anatuluka. Alamu anatsika akumwetulira, n'kutsekula boneti. Bokosi lakuda lija panalibe. Kumapeto kwa paipi kunali chinthu chofiira psuu, chooneka ngati mono waung'ono, chomangidwa ndi kilampu yonyezimira.

"Bokosi lija lili kuti?"

"Lija limatsamwitsa injini, mulamu. Iwe ungathamange utatseka mphuno ndi chitenje? Iyi ndi ya mpikisano. Injini ikupuma momasuka tsopano, mahosi awonjezekera. Tamvera wekha."

Anapondanso mafuta. Chinthucho chinakoka mpweya, fooo, kulira kwake kozama ngati fote ikamachoka pagombe itadzaza. Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri, ine, kuwathokoza m'malo mwa atate.

NyaChirwa anapempha kuti tiwanyamule ndi mabelo awo, azithira nawo dizilo. Tinanyamuka m'mamawa tili atatu kutsogolo, ine pakati, giya ikundigunda bondo. Mpaka ku Morogoro ndinali mfumu. Tikamadutsa pamsika ndinkawauza alamu kuti aponde anthu atembenuke. Ku Mikumi tinaona mbidzi ndi anyani m'mbali mwa msewu, koma ine khutu linali pa injini. NyaChirwa anang'amba kansalu n'kutseka m'makutu.

"A Gondwe, galimoto yanuyi ikudwala chifuwa kapena?"

"Ndi mphamvu zimenezo, mama."

"Mphamvu zake zonse zikuthera kukamwa ngati mlamu wanuyu."

Pa phiri la Kitonga ndi pamene ndinayamba kudabwa. Msewu umakwera mokhotakhota, phompho mbali ina, malole akukwawa ngati nkhono. Alamu anatsitsa giya, anatsitsanso. Phokoso linadzaza mkati monse moti sitinkamvana, koma mitengo m'mbali inkadutsa mwaulesi. Ndiye pamalo powongoka pang'ono inatipitirira pikapu yoyera, mtundu womwewo ndi yathu, yopanda nambala za kwathu ngati yathu yomwe. Inadutsa mwakachetechete, dalaivala wake n'kutiimikira dzanja. Alamu anayang'ana kumbali.

"Imeneyo bwanji yatidutsa? Si yofanana ndi yathu?"

"Ilibe katundu. Ife tanyamula sitolo yonse ya mayi awa."

Zinali zoona, inalibe katundu. Tinagona ku Iringa. Ku Makambako kunazizira mpaka mano kuwawa, tinaima kumwa tiyi, ndipo yoyera ija inali pomwepo. Pa Uyole pokhotera kwathu inali pomwepo. Ku Tukuyu tikugula nthochi inatidutsanso. Ndinkangoti msewu ndi umodzi.

Pa Songwe tinakhala masiku. Galimoto yatsopano siwoloka msanga, pamafunika za msonkho, ndipo tsiku lina ankati makina afa, tsiku lina wosayina wapita kumaliro. Magalimoto anaima mndandanda padzuwa, madalaivala atayala makatoni pansi pa malole, ena akuchapa malaya mu ndowa. Alamu ankakhalira ku maofesi. Tsiku lachiwiri masana ndinakhala pabenchi ya mayi wogulitsa mpunga ndi nyemba, ndipo pafupi nane panakhala dalaivala wa yoyera ija. Anali wamfupi, wa mano otalikirana, wolankhula ngati wailesi. Anati dzina lake ndi Lusekelo, wa ku Karonga konko, ntchito yake ndi kuyendetsera anthu magalimoto kuchokera kudoko. Ine anandiyesa wothandiza mayi wa zitenje, poti anandiona ndikumanga mabelo.

"Inu ndiye mwavutika, achimwene," anatero akutafuna. "Ulendo wonse mu chigayo chija. Makutu akugwirabe?"

"Koma ili ndi mphamvu," ndinatero. "Ili ndi eyakilina ya mpikisano."

Anatsamwa ndi mpunga.

"Mpikisano wa chiyani, wa kulira? Zenizeni zake zodula amaika mu timagalimoto tothamanga, ndipo ngakhale mmenemo chimene chimawonjezekera n'chochepa, sungachimve ndi matako. Ichi n'cha pa shopu ya zokongoletsa. Bokosi lija limakoka mpweya wozizira kunja. Ichi chikumwa mpweya wotentha wa mu boneti momwemo, ndi fumbi lomwe. Injini ya dizilo ikadya fumbi, chaka sichitha, iyamba kusuta ngati uvuni wa njerwa."

"Nanga anachiikiranji?"

"Aa, nkhani yake ndi yoseketsa. Yoyerayi ndi ya bwana Gondwe omwewo. Inatuluka padoko bokosi lake litasweka, kupeza lina kunavuta. Ndiye anangomasula mu yabuluuyo n'kumanga muno. Ndinagwira nawo sipanala ndine. Ndinawafunsa kuti eni ake akati bwanji, iwo akuti, ndi ya apongozi a pachilumba, anthu a mabwato, ukawapatsa phokoso amavina."

Mbale ya mpunga sindikudziwa mmene inagwera. Ndinangoona ndaimirira, ndikupita ku maofesi kuja, m'maso muli mdima. Amene anandigwira lamba kumbuyo ndi NyaChirwa, anali pabenchi ina akumva zonse. Mayi uja ndi wamphamvu.

"Ukupita kuti?"

"Ndisiyeni, mama!"

"Pa boda? Apolisi ali apo, a msonkho ali apo. Ukamenya munthu pano iwe ulowa m'chitokosi, galimoto ya abambo ako iwolera pompano mpaka imere udzu. Khala pansi. Meza."

Lusekelo anali atagwira pakamwa. "Mayo ine. Ndinu a pachilumba?"

Ndinameza. Sindinamezepo chinthu chowawa chotero. Tsiku lotsatira lonse ndinakhala pa mabelo, alamu akundigulira fanta, kundisisita paphewa, kumati tatsala pang'ono mulamu. Ndinkayang'ana jekete lawo lachikopa n'kumaganiza za atate atakhala pakhonde opanda boti, akuuza anzawo a kutchalitchi kuti mkamwini wawo ndi munthu wa nzeru. Ndinkaganiza za manja anga awiri aja ndikuthokoza.

Atatimasula tinadutsa Karonga osaima. Chakumwera kwake ankakonza msewu, magalimoto onse anawapatutsira m'njira yafumbi. Tinalowa kumbuyo kwa lole, fumbi lake kobo, kutsogolo osaoneka. Chofiira chija chinkangokoka, fooo, fooo. Kukoka kulikonse ndinkakumva m'chifuwa mwanga ngati fumbilo ndikumeza ndine.

Pa Chiweta, phiri lisanayambe, madalaivala amaima kuti injini ipume. Tinaima. Yoyera inaima kumbuyo kwathu. Ndinatsika, ndinatsekula boneti, ndinapempha sipanala kwa Lusekelo. Anayang'ana alamu, anayang'ana ine, n'kundipatsa. Nditamasula kilampu ndinalowetsa chala mu paipi. Chinatuluka chofiirira, fumbi losakanikira ndi mafuta, lokhakhala ngati mchenga. Ndinawaonetsa alamu.

"Ichi n'chiyani?"

"Ukugwiragwira chiyani zinthu zoti suzidziwa? Bwezera."

"Mwati chimawonjezera mahosi. Ndiye tengani, mukaike mu galimoto yanu. Ife mutibwezere bokosi lathu lotsamwitsa lija."

"Galimoto yanga iti?"

Lusekelo ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Alamu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene sakuchita manyazi n'komwe.

"Ndiye wamva. Chabwino. Kabokosi kapulasitiki ndiye ukundiimikira pamsewu? Ndani anakupezerani galimoto? Ndani wayenda m'maofesi? Popanda ine bwenzi inu mukuwerengabe usipa pa thandala. Iwe ngakhale giya yobwerera m'mbuyo ukuidziwa, msodzi iwe?"

Manja anatuluka m'thumba. Chinali chibakera chimodzi chokha, cha pakamwa, anakhala pansi m'fumbi jekete lonse mbuu. Amayi ogulitsa nsomba pamsewu anakuwa. NyaChirwa analowa pakati atatambasula manja.

"Basi! Chimodzi chakwana, china ndikumenya ndine!"

Ndinapita ku yoyera ndi sipanala. Lusekelo ananong'ona kuti mabawuti ndi atatu, lina lili pansi. Ndinamasula bokosi lathu, iye anandithandiza kulimanga pamalo pake, tinapukuta paipi ndi kansalu ka NyaChirwa kotsekera m'makutu kaja. Chofiira chija ndinachiika pa boneti ya yoyera. Alamu anadzuka akulavula magazi, anachimanga okha. Analanda kiyi wa yoyera kwa Lusekelo, n'kumuponyera chikwama chake pansi. Kiyi wa yabuluu anamuponya m'udzu.

"Yendetsa, tione. Iwenso wapakamwa iwe, malipiro ako ukatenge kwa msodziyo."

Yoyera inakwera Chiweta ikubangula. Tinaimva nthawi yaitali itabisika kale m'makhotamo.

Kiyi tinamufuna atatu, amayi a nsomba aja akutithandiza, mpaka anapezeka pafupi ndi chulu. Lusekelo anakhala pa chiwongolero akudandaula.

"Pakamwa panga padzandipha. Mayi anga ankanena."

Ataliza, injini inabwerera kunong'ona kwake kuja. Tinayamba kukwera. Ndinkayang'ana dzanja lake pa giya. Anatsitsa, anatsitsanso, n'kukhazikika pa giya yomwe ija alamu anakwerera Kitonga, mabelo omwewo ali kumbuyo. Mitengo inkadutsa mwaulesi womwewo. Galimoto sinafooke, sinalimbe. Mphamvu inali yomweyo kuyambira ku Dar, chimene chinachoka ndi phokoso basi, moti ndinkamva NyaChirwa akutafuna mtedza.

Ku Mzuzu tinagona kwa mbale wake wa Lusekelo. M'mawa tinatsetsereka ku Nkhata Bay, NyaChirwa tinawasiya pa mphambano ya ku Chintheche ndi mabelo awo. Potsazika anandikoka khutu.

"Ukakafika usakayambe ndi kukuwa. Ukayambe ndi moni."

Njira yonse yotsikira ndinkakonza mawu owauza achemwali. Ndinkawamvera chisoni. Ndinkati ndiwauza pang'onopang'ono kuti munthu amene akugona naye nyumba imodzi wagula galimoto mobisa, wabera atate, watitcha anthu ovina phokoso. Ndinkaopa kuti akomoka.

Yoyera ija inali pabwalo pawo, yotsukidwa kale, matayala akuda bii. Pagalasi lakutsogolo panapachikidwa kansalu koluka ndi ulusi, koluka bwino, ka maluwa, kolembedwa kuti Yehova ndiye m'busa wanga. Kaluso kameneko ndimakadziwa. Nsalu za pa mipando ya kwathu ku Yofu analuka ndi munthu yemweyo, achemwali anga, ndipo kansalu kotere munthu saluka usiku umodzi.

Achemwali anatuluka mwana ali kumbuyo. Ndinayamba ndi moni. Iwo moniwo anangoulumpha.

"Wawang'amba mlomo alamu ako. Akulephera ndi kumwa tiyi."

"Achemwali, galimoto iyi mumaidziwa?"

Anakonza chitenje chomangira mwana, anachimasula, anachimanganso.

"Ndikufunsa. Pamene atate ankagulitsa boti, inu mumadziwa kuti magalimoto akubwera awiri?"

"Iwe sunakwatire, Barnaba. Sungamvetse."

"Za bokosi anakuuzani?"

"Kabokosi komweko? Si wabwezera?" Anayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu, kenako anatsitsa mawu. "Tamvera. Sitima ikunyamuka mawa. Atate ndawaimbira kale pa foni ya abusa, ndawauza kuti munakangana chifukwa unamwa mowa pa boda. Za yoyerayi sakudziwa, ndipo mtima wawo ukuudziwa mmene ulili. Ukakafika ukangopepesa. Usakawaphe."

Mowa sindimwa, ndipo iwo amadziwa. Ndinaima pamenepo kiyi ali m'manja. Lusekelo anatulutsa mutu pawindo la yabuluu.

"Achimwene, ndiimike pati? Ndilowetse m'bwalomu?"

"Ayi," ndinatero. "Muno ayi. Tiyeni nayo kudoko, ndikagona momwemo."